Musanagwetse nyumba yakale, yambani mwasamutsa mileme

Nyumba yakale ikafika poti igwetsedwe, mwini wake amawerengera zambiri: malata amene angapulumuke, mafelemu a zitseko ndi a mazenera, njerwa zoti n'kudzamangira bafa kapena khola. Za mileme ya m'denga palibe amaziganizira mpaka tsiku limene amisiri akwera n'kuyamba kuzula misomali. Pamenepo mileme imabalalika dzuwa lili pamutu, ana akuigenda, akhwangwala akuiwakha m'malere, ndipo imene yapulumuka pofika madzulo imakhala itapeza kale denga lina. Nthawi zambiri dengalo ndi la nyumba yatsopano imene mwangomanga pambali, kapena la aneba, kapena la sukulu yapafupi. Ngati simunaikonzere kopita, imadzisankhira yokha.

Ntchito yoisamutsa si yovuta ndipo siidya ndalama zambiri. Chofunika n'kutsata ndondomeko osadumpha: pogona pena payambe pakonzedwa, kenako mileme itulutsidwe m'njira yoti isabwerere, kugwetsa kubwere pomaliza. Zonsezi zichitike mileme ilibe ana.

Amene anagonapo pansi pa siling'i yodzaza mileme safuna kumva zoti nyamazi n'zaphindu, ndipo sindingamudzudzule. Fungo limalowerera mpaka m'zovala za m'sutikesi, mikodzo imasiya mizere pakhoma, zitosi zikachuluka siling'i imapindika n'kugwa. Palibe chifukwa chopiririra zimenezi. Koma njira zimene timathamangira zimangoonjezera mavuto. Ena amapopera mankhwala a thonje kapena a nankafumbwe m'denga, ena amafukiza tsabola kapena matayala, ena amamata mabowo onse ndi simenti masana mileme ili m'kati. Mleme umene wapuma poizoni sufera pomwepo. Umagwera pakhonde kapena m'chipinda n'kumakwawa, ndipo woyamba kuutola amakhala mwana wamng'ono kapena mphaka. Yofera m'denga imawola kwa milungu. Mankhwalawo amatsalira m'fumbi limene limagwera pa mphasa ndi pa ufa. Moto wofukizira pansi pa mitengo youma ya denga ndiye ngozi yeniyeni. Ndipo denga likatsala ndi mipata yake, pakapita miyezi gulu lina limalowamo.

Kupha sikutetezanso ku matenda. Mu 2007 anthu ogwira ntchito mumgodi wa Kitaka ku Uganda anadwala nthenda ya Marburg, imene kachilombo kake kamakhala mu mtundu wina wa mileme yodya zipatso yogona m'mapanga. Chaka chotsatira anthu anapha mileme miyandamiyanda ya mumgodimo n'kutseka makomo ake. Ina inadzalowamo ndithu, ndipo akatswiri ataiyeza anapeza kuti gawo la yokhala ndi kachilomboko lakula kuposa poyamba. Mu 2012 nthendayo inabukanso ku Ibanda, tauni yoyandikana ndi mgodiwo.

M'Malawi muno muli mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo palibe ngakhale umodzi woyamwa magazi. Mitundu itatu yokha imene imatero padziko lonse ili ku Central ndi South America. Yambiri yolowa m'madenga a malata ndi yaing'ono, ya milomo yamakwinya ndi kamchira kotulukira kumbuyo, ndipo chakudya chake ndi tizilombo touluka basi. Ku Eswatini akatswiri atapima zitosi za mitundu iwiri ya mileme yotereyi, imenenso ili yochuluka kuno, anapezamo zotsalira za udzudzu ndi za agulugufe ausiku amene mbozi zawo zimaboola nzimbe. Ku Levubu, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, m'minda ya makademiya munapachikidwa mabokosi a mileme zitadziwika kuti imadya anunkhadala owononga mtedzawo. Mlimi wa nzimbe ku Nchalo kapena ku Dwangwa ndi wa makademiya ku Thyolo akupindula ndi nyama zomwezi, adziwe asadziwe. Izi sizikutanthauza kuti muchotse neti pamwamba pa bedi. Udzudzu ndi gawo lochepa chabe la chakudya chake. Mileme ikuluikulu yodya zipatso nayo ili ndi ntchito yake. Maluwa a mlambe ndi a mvunguti amatseguka usiku, ndipo ndi iyo imene imanyamula mungu kuchokera pa duwa ili kupita pa lina.

Ntchito imayamba ndi maso. Sankhani madzulo opanda mphepo yambiri, imikani munthu pa ngodya iliyonse ya nyumbayo dzuwa likangolowa, aliyense ayang'ane pamene malata akumana ndi khoma, pamsonga pa denga, pa mabowo olowera mpweya ndi m'ming'alu ya khoma. Ana okulirapo amaikonda ntchito imeneyi ndipo maso awo ndi akuthwa. Mileme imatuluka motsatizana, umodziumodzi kapena itatuitatu, ndipo m'mphindi makumi atatu yambiri imakhala itapita. Werengani, ndipo lembani ndi khala pansi pa bowo lililonse limene mwaona kanthu kakutuluka. Bwerezani kwa masiku atatu kapena anayi, chifukwa tsiku loyamba maso amaphonya. Amene angadzuke m'bandakucha adzaona bwino koposa, pakuti pobwerera mileme imayamba yazungulirazungulira pakhomo pake isanalowe. Masana bowolo mudzalidziwa ndi litsiro lakuda lamafutamafuta m'mphepete mwake ndi tizitosi tomatirira pakhoma m'munsi mwake. Ngati mukukayika kuti mwina ndi makoswe, valani jumbo kudzanja mutikite chitosi chouma. Cha mleme chimanyenyeka n'kukhala ufa wonyezimira chifukwa cha timapiko ta tizilombo, cha khoswe chimakhala cholimba. Musadabwe ndi kuchepa kwa bowo: pamene nsonga ya chala chaching'ono ingalowe, mleme umalowa. Koma siuboola wokha, ndiponso siutafuna matabwa kapena mawaya a magetsi.

Mukaunika m'kati ndi tochi, onaninso mmene mileme yanu ikugonera, chifukwa pogona pamene mudzaikonzere padzadalira zimenezi. Ina imadzipanikiza m'mipata, pakati pa lata ndi mtanda kapena m'ming'alu ya njerwa, ndipo nthawi zambiri mumaimva kulira koma osaiona. Imeneyi ndiyo imalowa m'mabokosi. Ina imalendewera poyera, mutu pansi, pakati pa chipinda chamdima: m'sitolo yosiyidwa, m'nyumba yakale yowotchera fodya, ngakhale m'chimbudzi chokumba. Ya makutu ataliatali ndi ya mphuno zachilendo ili m'gulu limeneli. Imeneyi m'bokosi siingalowe, chifukwa imafuna kulowa ikuuluka mpaka pamene ikukalendewera. Ngati ndi yotere, njira yabwino n'kusiya kachipinda kamodzi ka nyumba yakaleyo kosagwetsa, kapena kutchinga mbali ina ya kudenga kwa shedi yakutali ndi nyumba yogona kuti mukhale mdima, n'kusiya kazenera kosatseka ka masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Mileme yodya zipatso imene nthawi zina imalendewera pansi pa khonde siifuna zonsezi. Ingosiyirani mitengo yamasamba ambiri ngati mango ndi kachere, idzapita yokha.

Nthawi yogwirira ntchitoyi ndiyo imene ambiri amalakwitsa. Mleme ndi nyama yoyamwitsa, ndipo ya m'madengayi imabereka mwana mmodzi pa nthawi. David ndi Meredith Happold, amene anafufuza mileme ya m'Malawi m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti mitundu imeneyi imayamba kubereka cha mu Novembala mvula ikamayamba, ndipo imaberekanso dzinja lomwelo lisanathe. Mwana amabadwa wopanda ubweya, ndipo pamapita milungu ingapo asanayambe kuuluka. Usiku amayi ake akapita kukasaka, iye amatsala m'denga pamodzi ndi anzake. Mukatseka denga kapena kuligwetsa nthawi imeneyi, anawo amafera m'kati ndi njala, ndipo amayi awo amazungulira nyumba kufuna polowera mpaka kulowa m'zipinda zogona kudzera m'mazenera. Choncho kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhale kumayambiriro kwa Meyi, musakhudze. Nthawi yabwino ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, ana onse atakula ndipo yaikazi isanalemedwe ndi bere lina. Mwayi wake ndi woti imeneyi ndi nyengo yomwe tazolowera kuumba njerwa ndi kumanga, anthu atakolola. Komabe musangodalira kalendala. Usiku wina mileme ikuluikulu itatuluka, ikani khutu pa siling'i kapena unikanimo. Mukamva kulira kopyapyala kosalekeza, kapena mukaona tiana tofiirira titaunjikana pa mtanda, dikirani mwezi wina. Pokhapokha ngati khoma lang'aluka ndi mvula ndipo lingagwere anthu, pamenepo moyo wa munthu uyambe, koma ngakhale apo denga lichotsedwe pang'onopang'ono monga ndifotokozere kutsogoloku.

Bokosi la mileme kalipentala aliyense angakhome, bola mumuuze miyeso n'kuima pomwepo. Likhale lalitali masentimita 60 kapena kuposerapo, lotambalala masentimita osachepera 35, lotseka pamwamba ndi m'mbali koma lotsegula pansi. M'kati mwake muike matabwa oimirira ogawa tizipinda, ndipo mpata wa pakati pa thabwa ndi linzake ukhale masentimita 2, ukakula 2.5. Apa ndi pamene mkangano umabuka. Mmisiri adzakuyang'anani n'kunena kuti, "Bwana, mpata wochepa chonchi mulowa chiyani? Ndionjezereko pang'ono." Mukaneni mwaulemu. Mleme wa m'denga umafuna kumva thabwa kumsana ndi kumimba, ndipo mpata ukakula amene amalowamo ndi mavu, njuchi ndi abuluzi. Chachiwiri chimene dzanja la kalipentala limachita lokha n'kupala thabwa kuti lisalale. Muuzeni kuti, "Achimwene, limeneli musapale." M'kati monse mukhale mokhakhala, ndipo adule timizere topingasa ndi sowo, totalikirana sentimita imodzi, kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuti zikhadabo zizigwira. Thabwa la kumbuyo lipitirire pansi ndi masentimita 10 mpaka 15, nalonso lodulidwa timizere, kuti mleme uzitera pamenepo n'kukwawira m'kati. Kutsogolo, cha m'munsi, asiye kampata kopingasa ka sentimita imodzi kotulukira mpweya wotentha. Molumikizira monse mukhale mothina kuti mvula ndi kuwala zisalowe cha kumwamba, ndipo nsonga ya msomali isatulukire m'kati, chifukwa phiko la mleme ndi kachikopa kopyapyala kosachedwa kung'ambika.

Matabwa akhale osathira mankhwala. Oyilo wakutha wa galimoto amene timapaka poopa chiswe asayandikire bokosili. Ngati m'denga lakalelo muli matabwa olimba amene sanapakidwe kanthu, agwiritseni ntchito, ndalama yatsala m'thumba. Penti ipakidwe kunja kokha. Kumadera otentha ngati Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga pakani yowala, ndipo pamwamba pa bokosi muike kachidutswa ka lata kokwezeka pang'ono kuti kazipereka mthunzi. Kumalo ozizira ngati Dedza ndi Mzimba penti yoderako imathandiza kusunga kutentha. Mileme ya m'madenga a malata imakonda kutentha kuposa mmene tingaganizire, ndipo ina imagona bwinobwino pamalo ofika madigiri 40, koma bokosi laling'ono lokhala padzuwa la Okutobala tsiku lonse lingapitirire pamenepo n'kuipha. Bokosi la kachipinda kamodzi limasunga mileme pafupifupi 50, la tizipinda tinayi limasunga mazana awiri kapena kuposerapo. Chiwerengero chimene munapeza madzulo aja chikuuzeni kuti mukhome angati. Kuchulutsa n'kwabwino kusiyana n'kupereweza.

Pokapachika, pewani mtengo wamoyo ngakhale ukuoneka kuti ndi pamalo pachibadwa. Mumtengo muli mthunzi wambiri, nthambi zimatchinga njira, ndipo njoka, akadzidzi ndi amphaka amafika mosavuta. Imikani paipi yachitsulo kapena mlongoti wa bulugamu, bokosi likhale mamita 4 mpaka 6 kuchokera pansi. Mlongotiwo ungathiridwe mankhwala a chiswe kutsinde, si vuto. Kutalikaku kuli ndi chifukwa chake: mileme imeneyi ili ndi mapiko aatali opyapyala, ndipo imayamba yadzigwetsa kaye isanauluke, choncho pansi pa bokosi pasakhale chitsamba, mpanda kapena chingwe choyanikira zovala. Nthambi zamitengo zitalikire mamita 6 kapena kuposa. Mukakhoma mabokosi awiri motsamirana misana, lina kuyang'ana kumpoto lina kumwera, mileme imasamukira uku ndi uku malinga ndi kutentha. Kulungani lata losalala kuzungulira mlongoti cha pakati kuti chokwawa chilichonse chiziterereka. Malowo akhale pafupi ndi nyumba yakaleyo, kumbali imene mumaona mileme ikulowera ikatuluka, koma kutali ndi chitsime, khitchini, thanki yamadzi ndi posewerera ana. Babu yapanja isawalire pabokosi. Limikeni mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi, kuti mileme ilione ndi kulizolowera kwa milungu ingapo isanatsekeredwe kunja.

Pali chinthu china chimene mabuku a kunja sanena koma kuno n'chachikulu. Anthu akaona kuti mwamangira mileme nyumba pakhomo panu, adzalankhula, chifukwa ambiri tinakula tikumva kuti mleme umayenda ndi afiti. Musadikire kuti mphekesera ziyambe. Pitani kwa amfumu kapena kwa wapampando wa m'dera lanu, uzaninso aneba a mbali zonse, kuti mukugwetsa nyumba ndipo simukufuna kuti mileme ikathere m'madenga mwawo. Munthu akamva kuti bokosilo likuteteza siling'i yake, nkhani imasintha.

Musayese kugwira mileme n'kuiika m'bokosi ndi manja, ndipo musataye ndalama pa nyambo iliyonse. Pa University of Florida ku America anaziona. Mu 1987 moto unanyeketsa nyumba yakale ya Johnson Hall, m'mene munkagona mileme yambiri, ndipo inasamukira m'mabwalo amasewero a pasukulupo, kumene fungo ndi zitosi zinasowetsa mtendere oonerera. Mu 1991 anaimangira nyumba yake yaikulu pamilongoti, anagwira ina n'kukaiika m'menemo, koma yonse inathawa. Nyumbayo inakhala pafupifupi yopanda kanthu mpaka 1995, pamene mileme inalowa yokha n'kukhazikika. Inachuluka mpaka matabwa a m'kati anagwa ndi kulemera mu 2009, ndipo chaka chotsatira anamanga nyumba yachiwiri. Lero mumagona mileme zikwi mazanamazana, ndipo anthu amasonkhana madzulo kudzaonerera ikutuluka. Bokosi lanu lingalowedwe sabata yomweyo, kapena lingadikire chaka. Ngakhale litachedwa, mwayi woti mileme ikhale pamene mwaisankhira ulipo, pamene popanda bokosi palibiretu.

Tsopano kuitulutsa. Popeza nyumbayo ikugwetsedwa, simukufunika simenti. Matope, zisanza ndi masaka akutha n'zokwanira. Masana, tsekani mipata yonse imene simunaone mileme ikutulukirapo, kuyambira m'mizere ya malata pamwamba pa khoma mpaka m'ming'alu, koma makomo enieni aja munalemba ndi khala muwasiye. Pa khomo lililonse muike chotulukira cholola kutuluka koma chokaniza kulowa. Pabowo lozungulira kapena la pakona, dulani paipi yapulasitiki yosalala m'kati, yotambalala masentimita 5 ndi yotalika masentimita 25. Ilowetseni pang'ono chabe pabowopo, iweramire pansi, n'kumata m'mbali mwake. Mleme umatsetsereka n'kutuluka, koma pobwera sungakwere paipi yoterera. Pamng'alu wautali wa pakhoma, pachikani pepala lapulasitiki lolimba kapena sefa yapulasitiki ya m'mazenera, mukhomere pamwamba ndi m'mbali, pansi pakhale potsegula, ndipo lilendewere masentimita 45 mpaka 60 kupitirira bowolo. Lisathine kwambiri; dzanja lizitha kulowa kuchokera pansi. Mleme umakwawira pansi n'kuuluka, koma pobwera umalunjika pabowo penipeni n'kupeza patchingidwa. Neti yogonamo musagwiritse ntchito, chifukwa ili ndi mankhwala ndipo ulusi wake umakola mapiko.

Madzulo oyamba khalani panja muonerere. Mukaona mleme wakodwa kapena ukulephera kutuluka, masulani pepalalo pang'ono. M'bandakucha mudzaiona ikuzungulira mosokonezeka, ina ikutera pakhoma, ndipo mtima umawawa ndithu, koma apa ndi pamene imayamba kufufuza malo ena n'kupeza bokosi lija. Masiku amenewa tsekani mazenera a nyumba zoyandikana dzuwa lisanalowe. Zotulukirazo zikhale masiku asanu ndi awiri, chifukwa si mileme yonse imene imatuluka usiku uliwonse. Kukachita chiperoni onjezerani masiku, pakuti kukazizira ina imangogona osatuluka. Mukaona madzulo awiri otsatizana popanda chotuluka, ndipo m'denga muli zii, nyumbayo yakonzeka.

Nyumba ina imakhala itaonongeka kwambiri moti mipata yake siingatsekeke. Imeneyo muichotsere mdima ndi kutentha. Zulani malata awiri kapena atatu kumbali yotalikirana ndi pamene mileme yaunjikana, chakumadzulo dzuwa litapendeka, n'kusiya usiku wonse. Mawa lake chotsani ena. Kuwala ndi mphepo zikalowa, mileme imachoka yokha m'masiku ochepa, ndipo imachoka usiku, nthawi imene ingathe kudziteteza.

Tsiku logwetsa, lankhulani ndi amisiri asanakwere. Denga lichotsedwe ndi manja, lata lililonse alinyamule m'mwamba osati kulikoka chokhulula, ndipo ayang'ane kunsi kwake, pansi pa malata opinda a pamsonga, ndi pakati pa mtanda ndi njerwa. Mileme yotsalira siisowa. Konzeranitu katoni yoboola timabowo, muikemo kansalu kopindapinda ndi kachitsekerero ka botolo kokhala ndi madzi. Mleme ukapezeka, wovala magolovesi achikopa auphimbe ndi nsalu, auike m'katonimo, katoniyo ikhale pamthunzi patali ndi ana ndi amphaka. Kukada, itsegulireni pamalo okwera, pamwamba pa khoma kapena pa makwerero pafupi ndi bokosi. Mukausiya pansi sungathe kunyamuka.

Zitosi za zaka zambiri zimafuna ulemu wake. Mu zitosi zakale za mileme ndi za mbalame mumatha kumera chuku chimene fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa nthenda ya histoplasmosis, yomwe zizindikiro zake zimafanana ndi za TB. Musasese zouma. Wazani madzi mpaka zinyowe, valani masiki yothina bwino, makamaka ya N95, ndi magolovesi, kenako wolani ndi fosholo n'kuika m'matumba. Ana, odwala mphumu ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika asakhale pafupi. Mukamaliza sambani ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Zitosizo musataye kudzala. Ndi manyowa amphamvu kwambiri, ndipo mukazithira zokha pa mbewu zanthete zimawotcha. Zisakanizeni ndi mapesi, masamba ndi dothi m'dzenje la manyowa, ziwolerane miyezi ingapo, kenako zipite kudimba.

Kawirikawiri mleme suluma munthu amene sanaugwire. Koma wina akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale bala lisakuoneka bwino, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, akanene kuti ndi mleme, kuti akalandire katemera wa chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati pafupifupi anthu 99 mwa 100 alionse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, koma mileme ina imakhala ndi tizilombo ta mtundu womwewo, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Aphunzitseni ana kuti mleme wogwa pansi sautola, amakaitana wamkulu.

Gulu likakhala lalikulu kwambiri, monga zimakhalira m'matchalitchi akale, m'mabuloko a sukulu ndi m'nyumba za aphunzitsi, funani thandizo. Bungwe la African Bat Conservation, limene limagwira ntchito ku Lilongwe ndi madera ena a dziko lino, limalangiza anthu amene mileme yawalowera m'nyumba, ndipo a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire angakulozereni koyenera. Abale athu okhala ku Britain adziwe kuti kumeneko nkhaniyi ndi ya lamulo. Mitundu yonse ya mileme ndi yotetezedwa ndi malamulo a 1981 ndi 2017, ndipo kuwononga pogona pake ndi mlandu ngakhale mileme itachokapo tsiku limenelo. Wofuna kugwetsa kapena kukonza denga lokhala ndi mileme amayenera kuitana katswiri kudzafufuza ndi kutenga chilolezo, ku England kuchokera ku Natural England, ndipo kawirikawiri amalamulidwa kukonza pogona pena. Mu 2020 khoti la ku London linalipiritsa kampani ya Bellway Homes mapaundi 600,000 chifukwa chogwetsa nyumba imene munkagona mileme.

Nyumba yatsopanoyo itsekedwe bwino musanagwetse yakale, osati pambuyo pake. Mmisiri amate mpata wonse wa pakati pa khoma ndi malata, mzere uliwonse, komanso kumapeto kwa malata a pamsonga. Mabowo olowera mpweya aikidwe sefa yawaya. Yenderani nyumbayo masana muli m'denga, tochi itazimitsidwa: paliponse pamene kuwala kukulowa pamatidwe. Ngati mulibe malo oimikapo mlongoti, bokosi lingakhomedwe kunja kwa khoma lalitali la shedi kapena la nyumba yomweyo, m'munsi mwa denga, malinga pansi pake palibe khomo kapena zenera.

Bokosi likalowedwa mudzadziwa ndi tizitosi pansi pake. Yalanipo lata lakutha kapena thumba kuti muziwola mosavuta, mutawaza madzi monga kale. Kamodzi pachaka, mu Juni kapena Julayi, unikani kuchokera pansi osagwedeza. Zisa za mavu zichotsedwe ndi kamtengo usiku mileme itatuluka, popanda mankhwala opopera, ndipo thabwa limene layamba kutaya mvula limatidwe. Madzinja awiri akadutsa bokosi lili lopanda kanthu, musalitaye: likwezeni pang'ono, litembenuzireni kumene kumafika dzuwa la m'mawa, kapena lisunthireni kumbali imene mileme imadutsa madzulo.